Bulangete la Msutu ndi Kachubu ka M'khwapa

Kuchokera ku Nkope mpaka ku Mangochi boma, funsani aliyense wa msinkhu wanga, akuuzani kuti pa nkhani yotsatsana malonda palibe amene anandigwetsapo. Ndinayamba ndili wamng'ono, pamchenga, kugulitsa utaka wa dzulo kwa aphunzitsi ochokera ku Mzimba ngati wa m'mawa womwewo, iwo n'kumandithokoza. Msilikali wina ndinamugulitsa njinga yopanda mabuleki, ndipo anapita akukhulupirira kuti wandibera. Koma zonsezo n'zazing'ono. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti ine ndi munthu amene anavula Msutu bulangete lake pakati pa chisanu cha ku Joni, popanda ndewu, mwini wake akumwetulira. Amene anakhalako ku migodi akudziwa tanthauzo lake. Msutu angakupatseni nsapato, wailesi, ngakhale dzina la mlongo wake, koma bulangete ayi. Ine ndinalitenga. Lilipo mpaka lero. Za mtengo wake tikambirana kutsogoloku.

Ku Joni ndinapitira ukonde. Wa bambo anga unali utatha, zigamba zokhazokha, ndipo tinkaulimbirana ndi mng'ono wanga. Ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikakhalako pang'ono, ndikabwera ndidzagula wangawanga pamodzi ndi bwato la matabwa. Iye anali ndi mwana wathu Joji kumsana, ndipo anatenga malaya anga n'kusokerera khadi la chipani m'thumba lam'kati kuti lisatayike panjira, poti masiku amenewo munthu wopanda khadi ngakhale basi sinkamudziwa. Ku Blantyre, ku ofesi yolemba anthu opita ku migodi, anativula, anatiyeza pachifuwa, anatiyang'ana m'kamwa ngati ng'ombe za pamsika. Pomaliza mlembi wina wonenepa anagwira chala changa chachikulu cha kumanja, anachiviika mu inki n'kuchidinda papepala.

"Ili ndiye dzina lako kumeneko," anatero. "La kwanu lisiye pano. Chala ichi uchisamale."

Ndinaseka. Ndani sasamala chala chake?

Ku komboni tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale. Ntchito yanga inali yolumikiza ngolo zonyamula miyala pansi pa mgodi. Koma ntchito yeniyeni inkayamba ndikaweruka. Aliyense wofika kumene kuchokera kunyanja ankabwera ndi kathumba ka usipa, ndipo ine ndinkakhala woyamba kumulonjera. Usipa ndinkasinthanitsa ndi fodya, fodya ndi sopo, sopo ndi masokosi, masokosi ndi usipa womwe uja utakwera mtengo. Anzanga a ku Lungwena ankati ndikadzafa ndidzayamba ndatsatsana ndi okumba manda. Anali anthu abwino. Mmodzi akadwala tinkamusungira nyama yake ya Lamlungu, ndipo amene ankadziwa kulemba ankatilembera tonse makalata, mawu ofanana, kungosintha dzina la mkazi. Zotumiza kumudzi zinkapita ndi anthu obwerera: nsalu, ketulo, ndipo kamodzi wailesi imene ndinaipeza posinthanitsa ndi chipewa ndi nkhani yaitali.

Ngakhale tsiku la ngozi ndinali pa malonda. Ndinali nditalowetsa dzanja pakati pa ngolo ziwiri kuti ndikoloweke chitsulo, mutu nditatembenuzira kwa munthu wina wa mtundu wa Ashangani amene ankafuna mpeni wanga koma sankafuna kuwonjezera lamba. Ndimati ndimuuze kuti mpeniwo ndi wa ku Jeremani. Ngolo yakumbuyo inasuntha pang'ono chabe. Nditatulutsa dzanja, chala cholozera chinali chitaphwanyika, ndipo chachikulu chija, dzina langa lija, chinkalendewera pa kachikopa. Mpeni uja sindinauonenso. Mshanganiyo sindimuwerengera ngati wondigwetsa, poti malonda anali asanathe.

Ndinatsitsimuka m'chipatala cha pamgodi, ndipo chinthu choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti mkono wanga wamanja kulibe. Osati kuti unkapweteka. Kunalibe. Kuyambira pamwamba pa chigongono kutsika, mphepo yokhayokha. Ndinaopa kuyang'ana. Ndinalozetsa maso kudenga n'kufunsa m'Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, munthu wovala zoyera amene ankadutsa kuti mkono wanga autaya kuti.

Iye anawerenga kakhadi ka pabedi, ndipo anayankha m'Chichewa chokoka ngati cha kwathu. "A Nkope, mkono wanu ndi uwu apa. Kapena mwauiwala nkhope?"

Anali Che Bwanali a ku Namwera, othandiza manesi, amene anagwira ntchito m'chipatalamo mpaka ndevu zinachitira imvi momwemo. Anandigwira chibwano n'kunditembenuza mutu. Mkono unalipodi, utagonekedwa pa mapilo awiri, dzanja litakulungidwa mabandeji, nsonga ya chala chachikulu itasuzumira kunja ngati mutu wa kamba. Ndinauuza kuti usunthe. Sunandimvere. Che Bwanali anaunyamula n'kuugwedeza, ine ndikuona ngati akugwedeza mkono wa munthu wa bedi lina.

"Wafa," ndinatero.

"Wagona. Onani apa."

Anatsegula malaya a chipatala. M'khwapa mwanga munkatuluka kachubu ka pulasitiki, kowonda ngati ulusi wowedzera kampango, atakamata ndi pulasitala mpaka pachifuwa, kumapeto kwake kuli kachivindikiro. Kwathu tinkamva zonong'onezana kuti ku Joni azungu amapopa anthu magazi, nkhani imene sunkaikamba mokweza.

"Che Bwanali, akundipopa kangati patsiku?"

"Magazi a usipa angawafune ndani? Aka sikatulutsa, kamalowetsa."

Apa m'pamene tinakangana za mawu akuti mtsempha. Ine ndinkadziwa kuti mtsempha ndi mtsempha basi: umene umatupa pamkono ukamakoka ukonde, umene umakanirira m'mano ukamadya ng'ombe yokalamba. Che Bwanali anati Chichewa chathu chinachita ulesi pamenepa, chinapatsa anthu atatu dzina limodzi. Pali mtsempha wa magazi, pali wokoka mafupa, ndiye pali wina woyera umene sunyamula kanthu koma uthenga.

"Mukuudziwa waya wa belu pa chikepe chotsikira mumgodi? Wa pansi akakoka, kumwamba belu limalira. Chala chikapsa chimakoka waya, kumutu belu limalira, inu n'kumati mayo. Mawaya onse a dzanja amadutsa m'khwapa muno, mtolo umodzi. Adokotala agoneka kachubu pambali pa mtolowo. Mankhwala akatsika amanyowetsa mawaya, belu n'kukhala chete."

"Nanga osangobaya jakisoni bwanji?"

"Jakisoni amatha mphamvu dzuwa lisanalowe. Mukufuna azikubayani m'khwapa kanayi patsiku, sabata yonse? Njira aitsegula kamodzi, aisiya yotsegula."

Dokotala mwiniwake anali mzungu wamtali wa makutu ofiira, wosalankhulalankhula. Zikuoneka kuti kachubuko kanali kachilendo ngakhale kwa anzake, poti ankabwera awiriawiri kudzandisuzumira m'khwapa, ine n'kumadzimva ngati nduna. Kudzera mwa Che Bwanali anandiuza kuti chala anachisoka chonse, fupa ndi mitsempha ya mitundu itatu ija, ndi ulusi wovuta kuuona ndi maso. Kachubu kanali ndi ntchito ziwiri: kuletsa ululu, ndi kumasula mitsempha ya magazi kuti isafinyike, magazi azifika kunsonga. Chala chikamwa magazi masiku asanu, chapulumuka. Chikapanda kumwa chimada, ndipo amadula. N'chifukwa chake anasiya nsonga panja: ola lililonse sisitala ankaitsina kuti iyere, n'kudikira kuti ifiirenso. N'chifukwa chakenso bedi langa analikankhira pafupi ndi chitsulo chotenthetsa chipinda, chimene munkadutsa madzi owira, kuti ndisazizidwe.

Malamulo anali atatu. Fodya ayi. Chisanu ayi. Lamulo lachitatu dokotala analinena kawiri akundiyang'ana m'maso: dzanja ili silingakuuze kanthu, ngakhale lipse, ngakhale lichekeke; uliyang'anire ndi maso ngati khanda.

Munthu wanzeru akanamva chenjezo. Ine ndinamva katundu.

Masiku awiri oyamba ndinali mwana wasukulu. Ndinkadzitsina ndi dzanja lamanzere kuyambira paphewa, kutsika pang'onopang'ono, kufunafuna malire, pamene ine ndikuthera ndi pamene mlendoyu akuyambira. Malirewo ankasuntha. Mankhwala akamatha, m'zala munkayamba kuyenda nyerere, kenako kaululu kakutali ngati ng'oma ya mudzi wina. Pamenepo sisitala ankabwera ndi sirinji, osabaya ine koma kachivindikiro kaja. Ndinkamva kuzizira kukuyenda m'khwapa, nyerere n'kubalalika, ng'oma n'kuleka. Ndinafunsa ngati mankhwalawo angagoneke nsomba. Ndinafunsa ngati angawaikire mayi anga kachubu m'chiuno, poti msana unkawavuta. Ndinafunsa kuti botolo limodzi angasinthe ndi usipa wochuluka bwanji. Sisitala anatuma Che Bwanali kuti akafunse adokotala ngati kalipo kachubu ka lilime.

Tsiku lachitatu linali Lamlungu, tsiku la alendo. Muyenera kudziwa kuti ku migodi ife a ku Malawi tinkatchuka ndi mankhwala. Ukangonena kuti ndine wa kunyanja, anthu a mitundu ina ankakusunthira pabenchi. Mbiri imeneyi sindinaiyambitse ine, koma sindinkaitaya. Anzanga a ku Lungwena atabwera ndi kathumba ka usipa, ndinafunda malaya bwinobwino kubisa pulasitala, ndinabwereka pini n'kudzibaya pamkono ndikukamba za mpira. Anzangawo anaseka, poti chinsinsi ndinali nditawauza kale. Amene sanaseke anali munthu amene anaima pambali pa bedi loyandikana.

Dzina lake anali Lefa, Msutu wa kumapiri a Lesotho, kapitao wa gulu lokumba maenje atsopano a mgodi, chimunthu chodzaza chitseko. Anabwera kudzaona mnzake wothyoka mwendo. Tsaya lake lamanzere linali litatupa ngati wabisamo mango, ndipo paphewa anali atafunda bulangete laubweya, lochindikala, lofiirira ndi mizere yakuda, lomangidwa ndi chipini chachitali ngati chala. Ine ku Joni chisanu chinkandizunza kuposa ntchito. Nditaliona bulangetelo ndinaiwala kuti ndine wodwala.

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono. Dzino linamusautsa mwezi wathunthu. Wozula mano ankabwera Lachiwiri, ndipo dzina la Lefa linali litalembedwa kale. Munthu amene ankatsika m'dzenje lakuya atakwera chidebe, akuimba, ankaopa kachitsulo kozulira mano. Koposa zonse ankaopa kulira pamaso pa anyamata ake.

"Nyasa, wadya chiyani?" anafunsa.

"Za kwathu."

"Zilipo zotsala?"

"Zochepa. N'zanga."

Ndi mmene malonda amayambira: ukane kaye. Mnzanga wina anazembera panja ndi usipa, anakausinja ndi mwala, anathirako mchere ndi phulusa la fodya, n'kubwera nawo m'kapepala kopindidwa mwaulemu. Lefa anayamba ndi mpeni. Ndinati mipeni yandikwana. Anavula wotchi. Ndinati nthawi ndikuiona pakhoma. Anatchula nsapato zake zatsopano, ine ndinayang'ana mapazi akewo n'kunena kuti bwato ndidzagula kwathu. Kenako ndinangoyang'ana bulangete.

Lefa anagwira chipini cha bulangete lake. Anati bulangetelo anamufunditsa ndi bambo ake tsiku limene anatuluka ku jando la kwawo. Ndinati mankhwalawa anandipatsa ndi amalume anga tsiku limene ng'ona inawaluma iwo akuseka.

"Pini ndi za ana," anatero Lefa. Anamasula chipini chake chija n'kundibaya nacho pamkono yekha. Magazi anatuluka kadontho, ine ndikuyasamula. Anagwedeza mutu, koma sanakhutire. Anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa chitsulo chotenthetsa chija. Anachikhudza n'kuchotsa chala msanga. "Ika apa chala chodwalacho. Mankhwala akagwira pa bala, agwiranso pa dzino."

Che Bwanali anali atapita kukaswali ku mzikiti. Sisitala anali ku tiyi. Lamulo lachitatu ndinalikumbukira, sindinganame. Koma ndinaganiza motere: moto umapweteka, ine sindikumva kupweteka, ndiye moto ungandichite chiyani? Nzeru zimenezo zinali zangazanga, sindinabwereke kwa munthu.

Tinatsatsana za nthawi. Iye anati ndisachotse mpaka atamaliza nyimbo ya kwawo. Ine ndinati awerenge mpaka khumi. Iye anati theka la nyimbo. Ndinamutsitsa mpaka ndime imodzi, ndipo ndinanyadira kwambiri. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyimbo za Asutu zilibe ndime. Munthu amayamba kutchula mudzi wake, mtsinje umene anawoloka, sitima imene anakwera, mayina a ng'ombe za bambo ake, osapuma.

Ndinanyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, ngati ukunyamula mwana wa eni, n'kukhazika nsonga ya chala pa chitsulo. Lefa anayamba kuimba. Ine ndinkamwetulira anthu, ndipo ndikulumbira, sindinamve kalikonse. Mphuno ndi imene inandiuza. Linali fungo lodziwika, la pa nsanja zowambira chambo ku Nkope, moti kwa kanthawi ndinalakalaka kwathu. Mnzanga wa ku Lungwena ndiye anandikoka dzanja, Lefa ali pa ng'ombe yachitatu.

Lefa anavula bulangete, analipinda kanayi, analiika pamiyendo panga ndi manja awiri. Anatenga kapepala kake n'kutuluka m'chisanu ndi malaya okha, akumwetulira mbali imodzi ya nkhope.

Che Bwanali atabwera anaona bulangete, anaona chala, ananunkhiza. Nsonga inali yoyera ngati mnofu wa nsomba yophika, ndipo ataitsina sinafiirenso.

"A Nkope, mwagulitsa chiyani?"

"Usipa."

"Wallahi, usipa sunafikepo mtengo uwu."

Dokotala anabwera atavala za kunyumba. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali ndi galasi, makutu ake akufiirirafiirira. Kenako analankhula, Che Bwanali n'kumasulira: chala ichi anachisoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadya, ndiye akungofuna adziwe kuti ntchito yakeyo ndaigulitsa bwanji. Ndinaloza bulangete. Analigwira, kuliyeza ndi zala, n'kunena kuti ndi bulangete labwino.

Sanataye mtima. Kachubu anakasiya, mankhwala anapitiriza, kuti mwina magazi angapeze njira pansi pa chilondacho. Tsopano amene ankayang'ana nsonga ija ola lililonse ndinali ine. Ndinkailankhula ngati wogula amene akuchoka: bwerera, tigwirizane. Lolemba inali yotuwa. Lachiwiri m'mbali munayamba kuda.

Lachiwiri lomwelo masana Lefa analowa, dzino lili m'kansalu, kumbuyo kwake kuli Asutu atatu. Anandigwira phewa mpaka bedi linalira. Ufa uja anauika pansi pa lilime monga ndinamuuzira. Wozula mano anangomubaya kajakisoni m'nkhama, zamwambo wa azungu, kenako mankhwala a Nyasa anagwira: tsaya lonse linafa, anamva kukoka kokha, sanalire ngakhale pang'ono, anyamata ake akuonera pawindo. Anzake atatuwo ankafunanso.

Che Bwanali, akuyala bedi loyandikana, anandiuza m'Chichewa osatembenuka: "Kajakisoni ka m'nkhamako ndi mng'ono wake wa mankhwala a m'khwapa mwanumo. Mimba imodzi."

Ndinayang'ana anthu atatu aja. Aliyense anali ndi bulangete. Sindibisa, lilime linayabwa. Koma ndinayang'ananso chala. Ndinatsegula malaya, ndinamuonetsa Lefa kachubu, ndinamuuza zonse: za waya wa belu, za usipa, za mchere. Ndinati atenge bulangete la bambo ake.

Lefa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka chiseko chimene chinadzutsa wodi yonse. Anauza anzake kuti Anyasa ndi otero: mankhwala akagwira amawakana kuti akweze mtengo. Bulangete anakana kulandira. Iye anapeza chimene ankafuna, nanga malonda awabwezerenji? Pa moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo limene ndinanena zoona pa malonda, ndipo palibe anandikhulupirira.

Chala anachidula Lachinayi, pomwe anasoka pomwepo. Cholozera chinapulumuka, ngakhale chimapinda mwaulesi. Patapita masiku awiri sisitala anamatula pulasitala n'kukoka kachubu. Kanatuluka mosavuta, osapweteka, ndipo gawo limene linali m'kati silinkaposa chala chimene ndinataya. Ndinapempha kuti ndikasunge. Che Bwanali anati zotere amatentha. Ndinatchula fodya, sopo, masokosi. Anakaponya m'chidebe ine ndili chiyang'anire. Dzuwa lisanalowe ululu unafika ndi katundu wake yense, ndipo ndinalira monga Lefa ankaopera kulira. Che Bwanali anandipatsa mapiritsi n'kuima pambali.

"Belu lalira," anatero. "Mlandireni, ndi wachibale ameneyo. Akanakhalapo Lamlungu bwenzi muli ndi chala."

Ntchito yolumikiza ngolo inathera pamenepo. Ndinasesa pabwalo la komboni miyezi ingapo, kenako ananditumiza kwathu. Ku Blantyre ndinapeza mlembi wonenepa yemwe uja, inki ili patebulo. Anatambasula dzanja kuti agwire chala, anagwira mphepo. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine.

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti ndiwe?"

Ndinakhala pabenchi tsiku lonse mpaka anapezeka anthu awiri a kwathu ochitira umboni kuti ine ndine ine.

Ku Nkope ndinatsika basi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bulangete lili paphewa. Ndinkafuna anthu alione. Anyamata a chipani pa siteji anandifunsa khadi, ndinawaonetsa losokedwa lija, anati linatha ntchito kalekale. Mmodzi anayang'ana bulangete n'kufunsa ngati ndikudwala malungo.

Ukonde wa bambo anali atautenga mng'ono wanga, ndipo ankandilankhula ndi ulemu umene timapatsa alendo. Ndinayesa kumuthandiza kusoka. Singano ya ukonde imafuna chala chachikulu, inkangogwera pamchenga. Nkhafi nayo inkaterereka m'manja. Joji anandithawa sabata yathunthu. Aliyense ndinamuuza kuti chala chinadyedwa ndi ngolo, zimene zinali zoona theka lake.

Wosintha kwambiri anali Esinati. Ndinasiya mkazi wamanyazi woti sangafunse mtengo wa mchere. Ndinapeza mayi wa geni. Wailesi ija anaisinthanitsa ndi madengu awiri ndi malo pamsika, ndipo tsopano ankagula chambo bwato lisanafike pamchenga n'kukwera nacho basi kupita ku Namwera, kumene alimi a fodya amafuna nsomba yaiwisi. Vuto lake linali limodzi: ayezi amene ankagula ku boma ankasungunuka basi isanamalize kukwera phiri. Tsiku lina anatulutsa bulangete langa m'sutikesi n'kuliyeza ndi zala, monga anachitira dokotala uja.

"Bambo a Joji, ili mufunda liti kuno?"

"Ndi chikumbutso, mayi a Joji. Simukudziwa mmene ndinalipezera."

"Ndibwerekeni Loweruka lokha."

Sindinalifundenso. Ubweya wa nkhosa za ku Lesotho umasunga chisanu monga umasungira kutentha. Chambo chinkafika ku Namwera maso akadali owala, ndipo amayi anzake ankamufunsa kuti mankhwala ake n'chiyani. M'zaka zochepa tinafolera nyumba ndi malata. Bwato la matabwa linabweradi, koma dzina lolembedwa pambali pake ndi la Esinati, ndipo ine ntchito yanga ndi kukhala pamthunzi n'kumakangana ndi ogula.

Nkhani ya ngolo inakhala bwino mpaka Loweruka lina, pamene nkhalamba ya ndevu zoyera, yopuma ntchito ku Joni, inaima pamsika wa Namwera, osayang'ana nsomba koma chokutira chake. Esinati atabwerako anaika dengu pansi, anakhala pakhonde n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje.

"Che Bwanali akuti moni. Akuti ndikufunseni ngati nyimbo ija inatha."

Ndinati nyimboyo ndinaitsitsa mpaka ndime imodzi, ndipo palibe wina akanatha kutero ndi Msutu.

"Eya," anatero. "Dzanja linagona ndi mankhwala a adokotala. Nanga mutu anaugoneka ndani?"

Bulangete lilipo, lathothoka, likununkha chambo moti amphaka a mudzi wonse amalidziwa. Nthawi zina ndimakhala n'kumaganiza za kachubu kaja, kanthu kosakwana n'kumangira nyambo komwe, kamene kanatha kutseka pakamwa dzanja lathunthu. Ndimafunabe kudziwa kuti munthu woyamba anaganiza bwanji zoti ululu uli ndi njira yake, ndipo njirayo imadutsa m'khwapa. Kenako ndimabwerera ku malonda aja. Lefa anapereka bulangete la bambo ake pogula usipa wosinja, koma anazulitsa dzino osalira, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero kumapiri kwawo akutamanda mankhwala a Anyasa. Ine ndinapeza bulangete labwino koposa pa mgodi wonse posinthanitsa ndi kapepala ka usipa, n'kuwonjezerapo chala ngati banyira. Esinati sanapite ku Joni, sanatsatsane ndi Msutu, zala zake zonse khumi zilipo, ndipo bwato ndi lake.

Ine ndimanenabe kuti palibe amene anandigwetsapo pa malonda. Koma inu mwamva zonse, ndipo mulibe mbali: pa anthu atatufe, anapambana ndani?